Tsiku Limene Penti Wanga Anagwera Mumtsinje

Galimoto inatitimira pamene tinkawoloka kamtsinje komaliza, patatsala ulendo wa mphindi 40 wapansi kuti tifike pasukulupo. Mlatho unali utakokoloka kalekale, ndipo dalaivala anangodalira kuti madzi aphwa. Matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi mpaka anadzikumbira dzenje, ndipo pamene tinkatsitsa katundu kuti galimoto ipepuke, katoni imene munali penti, maburashi ndi mapepala ojambulapo inandipulumuka n'kugwera m'madzi. Ndinaivuula itafeweratu, mitundu yonse itasakanikirana. Ndalama zimene ndinagulira zinthuzo sindizitchula pano chifukwa zikundiwawabe.

Ndinkapita kukakhala masiku asanu pasukulu ina ya sekondale ya kutali kwambiri ndi tauni, kukathandizana ndi mphunzitsi wa sayansi pa maphunziro amene amayambira pa malo amene ophunzirawo amakhala. Ana amatuluka m'kalasi, amakaona dothi, mitengo ndi madzi a kwawo, kenako amajambula ndi kulemba zimene apeza. Maganizo amenewa si atsopano, pakuti msonkhano wa UNESCO ndi UNEP, mabungwe a United Nations oona za maphunziro ndi zachilengedwe, umene unachitikira mumzinda wa Tbilisi ku Georgia mu 1977 unagwirizana kale kuti maphunziro a zachilengedwe azilowerera m'maphunziro ena onse, ndiponso kuti ophunzira azidzionera ndi kudzikhudzira okha zinthu. Zonsezi ndinkazidziwa bwino, komabe ndinali nditanyamula penti wopangidwa kufakitale ya kutali kuti ndikaphunzitsire ana za dothi la kwawo, ndipo sindinaone chachilendo chilichonse mpaka katoniyo itanyowa.

Uthenga utafika pasukulu, anabwera ophunzira pafupifupi 20 kudzakankha galimoto. Anyamata ali kalikiliki kuponya miyala ndi nthambi pansi pa matayala, mtsikana wina wamkulupo anaima pambali panga akuyang'ana gombe limene galimoto inagumula. Dothi la pamenepo linali m'mizere itatu, lakuda pamwamba, katondo pakati, ndi lachikasu pansi penipeni pafupi ndi madzi. Anagwada, natapa lachikasulo, nalifikisa pakati pa zala, kenako anajambula nalo mzere kuseri kwa dzanja lake.

"Aphunzitsi, musadandaule kwambiri," anatero mwaulemu, "penti wina ndi uyu, ndipo mukamuwotcha amafiira."

Ndinamufunsa kumene anaphunzira zimenezi, ndipo anayankha kuti anaona yekha pamalo amene anthu anasonkhapo moto pafupi ndi gombelo, pamene dothi lachikasu linasanduka lofiira. Sanaonepo chifukwa choziuzira munthu, chifukwa palibe mayeso amene anamufunsapo funso lotero. Tinafika pasukulu madzulo, aliyense atanyamula dothi m'chimene akanatha kunyamuliramo.

Mawa lake ndondomeko yonse imene ndinalemba ndinaiika pambali. Tinaviika dothi m'ndowa n'kutakasa, tinadikira pang'ono kuti mchenga ndi timiyala zikhale pansi, kenako tinatsanulira madzi amatopewo m'ndowa ina kudzera pansalu. Atagona usiku wonse, pansi panatsala dothi losalala kwambiri, ndipo madzi a pamwamba tinawakhuthula mosamala. Kuti pentiyo agwire papepala tinasakanizamo utomoni wa mtengo wosungunulidwa m'madzi ofunda. Ana anaseka nditawauza kuti penti wamadzi wogula uja nayenso amamangidwa ndi utomoni wa mitengo ya mtundu wa acacia, kotero kuti katoni yanga yomira ija sinali ndi nzeru ina yoposa imene inali m'manja mwawo.

Kenako tinaika dothi lachikasu louma m'kachitini n'kukakhazika pamakala. Mphunzitsi wa sayansi, bambo wofatsa amene wakhala pasukulupo zaka zambiri, anagwada pakati pa ophunzira ake n'kuyamba kufotokoza popanda bolodi kapena choko. Mtundu wachikasuwo umachokera ku goethite, mwala wa chitsulo chochita dzimbiri umene umasunga madzi m'kati mwake, ndipo ukatenthedwa kufika pafupifupi madigiri 300 a Celsius madziwo amachoka n'kutsala mwala wina wotchedwa hematite, umene ndi wofiira. Pamene ankalankhula, dothi linayamba kuda m'mphepete mwa chitini, ndipo litazizira linaoneka lofiira ngati njerwa yopsa bwino. Kalasi yonse inatembenukira kwa mtsikana uja, amene anangoweramitsa mutu. Ine ndinawonjezera kuti kuphanga la Blombos ku South Africa akatswiri anapeza zigoba za m'nyanja zimene anthu ankasakaniziramo dothi lofiira lotereli zaka pafupifupi 100,000 zapitazo. Mnyamata wina anafunsa ngati anthuwo analinso ndi aphunzitsi ogwetsa katundu m'madzi, ndipo sindinapeze choyankha.

Masiku otsatirawo anajambula mapu a mtsinje wawo pa makatoni akale, pogwiritsa ntchito timitengo totafunidwa kunsonga m'malo mwa maburashi. Tinagwirizana kuti malo aliwonse apakidwe ndi dothi lotengedwa pomwepo. Mapuwo atauma, zinaonekeratu kuti kumtunda kumene kudakali mitengo kunali kwakuda, pamene kumunsi, kumene mitengo inadulidwa, kunali kofiira kokhakokha chifukwa dothi lachonde la pamwamba linapita ndi madzi. Za kukokoloka kwa nthaka anali ataziloweza kale m'makope awo, koma tsiku limenelo anakangana mpaka belu kulira, aliyense akuloza munda umene ankaudziwa ndi kufotokoza chimene chinachitikapo.

Pali zina zimene zinandikwiyitsa. Phunziro limodzi pasukulupo ndi la mphindi 40, nthawi imene ingathere pa kungoyenda kupita kumtsinje, ndipo ahedi, ngakhale anatilandira bwino, ankandifunsa tsiku lililonse ngati zimenezi zidzabwere pamayeso. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa iwo amaweruzidwa ndi chiwerengero cha ana okhoza. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ife alendo, amene timabwera masiku ochepa, kujambula zithunzi za ana akumwetulira, n'kuchoka, pamene mphunzitsi wotsalayo alibe ngakhale kabati yosungiramo ntchito za ophunzira ake. Mapu aja tinawapachika kudenga ndi chingwe poopa chiswe.

Amene akuganiza zopita kukachita ntchito yotereyi akulunge katundu wake m'pulasitiki, ndipo ngati n'kotheka apewe nyengo ya mvula. Atenge nsalu zosefera, timabotolo totsekeka ndi makope ang'onoang'ono, chifukwa zinazo akazipeza komweko. Apemphe kaye kwa mwini malo asanakumbe paliponse, ndipo dothi alipere lili lonyowa kuti ana asapume fumbi. Koposa zonse, tsiku loyamba angoyenda ndi ophunzirawo n'kumawafunsa mafunso, osawauza kanthu.

Pobwerera tinapeza madzi ataphwa, ndipo galimoto inawoloka popanda vuto. Ndinapempha dalaivala kuti aime pang'ono kutsidya. Pagombe paja panali maenje atsopano anayi kapena asanu, okumbidwa ndi manja, onse pa mzere wachikasu uja. M'chikwama changa munali kabotolo ka penti wofiira kamene mtsikana uja anandipatsa potsanzikana, ndipo kanatayikira pa malaya anga tisanafike pamsewu wa phula.