Zikomo, achemwali a ku Lyon

Amayi atamwalira kwathu ku Dedza, ine ndili kuno ku Johannesburg, chithunzi chawo ndinali nacho chimodzi chokha, chothimbirira, chong'ambika pakona. M'nyumba yomwe ndimachita lendi mumakhalanso mtsikana wa ku France, anabwera kuno kudzakulitsa luso lake lojambula zithunzi. Dzina wakana kuti nditchule.

Anandipeza ndikulira pamasitepe ndipo sanafunse zambiri. Anachezera pa kompyuta usiku wonse kukonza chithunzicho, mpaka maluwa a pachitenje cha amayi anaonekanso. Kutacha anakachisindikiza ku Newtown ndi ndalama zake, chonsecho nayenso lendi imamuvuta.

Achemwali, zikomo kwambiri. Chithunzicho ndinakwera nacho basi, ndipo tinachiika pamwamba pa bokosi. Titabwerako kumanda, agogo anakhala nacho pamphasa mpaka kunada, akusisita nkhope ya mwana wawo.