Chiponde chathu ndi kope la buluu

Chiponde ndinayamba kupanga mu 2019, kuno ku Kamwendo m'boma la Mchinji, ndili ndi mtondo ndi munsi basi. Mtedza kuno si wosowa. Ikafika Meyi kapena Juni anthu amakhala atakumba, mavenda ali ndandanda m'mbali mwa msewu ndi masikelo awo. Ine ndi mng'ono wanga tinkakazinga mtedza wa CG7, wofiira wamafuta ambiri uja, kuufikisa, kuupeta pa lichero, n'kusinja mpaka mapewa kuwawa. Mabotolo tinkapempha a mayonezi kwa anthu, n'kuwatsuka ndi madzi otentha.

Katundu ankatha ndithu, koma ndalama sizinkaoneka. Bambo akunyumba tsiku lina anandifunsa akuseka kuti, "Kodi mayi, geni yanuyi ndi ya mpingo? Anthu akungodya, inu mukungosinja." Zinandipweteka, chifukwa yankho ndinalibe.

Mu 2022 alamu anga anandiuza kuti pa sukulu ina ya ntchito zamanja, mwa zija zimayendera dongosolo la TEVETA, akulemba anthu a maphunziro afupiafupi a kayendetsedwe ka bizinesi, kutsatsa malonda ndi kasamalidwe ka makasitomala. Ndinkaganiza kuti kumeneko n'kwa anyamata a ukalipentala, zowotcherera ndi zomangamanga okha. Ndinadzamva ndili komweko kuti chilembo chimodzi cha E mu dzina la TEVETA chimaimira za bizinesi, ndiye ngakhale mmisiri wa matabwa amayenera kuphunzirako. Ndinagulitsa mbuzi imodzi n'kulipira.

Sabata yoyamba aphunzitsi anandiimiritsa. "Amayi a chiponde, botolo limodzi limakudyerani zingati?" Ndinatchula mtengo wa mtedza. Iwo anangolemba pa bolodi n'kufunsanso. Nanga makala? Mchere ndi shuga? Kabaza wopita kumsika ndi kubwerera? Chiphaso cha pamsika? Mtedza wofota umene mumataya posankha? Nanga inuyo ndi mng'ono wanu, tsiku lonse pa mtondo, mumalipidwa ndi ndani? Atawonkhetsa zinapezeka kuti pa botolo lililonse ndinkatsala ndi ndalama yosakwana kugula mandasi awiri. Kalasi yonse inaseka, ine manyazi ali tho. Madzulo omwewo ndinagula kope la chikuto cha buluu, ndipo mpaka lero chilichonse cholowa ndi chotuluka chimalembedwa. Panopa ndili pa kope lachinayi, koma timangolitchulabe kuti la buluu.

Sindinganame kuti zonse zinali zothandiza. Maphunziro ena anali a makampani akuluakulu okhala ndi maofesi, Chingerezi chake chokhachokha, ndipo masana ena ndinkawodzera. Chimene chinandisintha ndi ntchito imene anatipatsa yoti aliyense akafunse anthu 20, makamaka amene sagula, chifukwa chimene sagulira. Ine ndinkati ndikuwadziwa kale anthu akwathu, kani ndinkadzinamiza.

Amayi ambiri anati botolo lalikulu silikugwirizana ndi thumba lawo. Munthu wogula ufa wa wokumani ndi mafuta a m'kachubu tsiku ndi tsiku sangatulutse ndalama ya botolo la mwezi wonse. Iye akufuna kachiponde kothira m'phala la mwana mawa m'mawa, kapena kotendera chisoso pamene nsinjiro palibe. Tinayamba timabotolo ting'onoting'ono, ndipo ndi timeneti timathamanga kwambiri mpaka pano. Enanso anandiuza chinthu chimene sindikanachiganiza, chakuti mafuta oyandama pamwamba aja ankayesa timathira ophikira kuti chichuluke. Pa pepala lomata pa botolo tinalemba m'Chichewa kuti, "Mafuta apamwambawa ndi a mtedza womwewu. Takasani musanadye." Funso limenelo linathera pomwepo.

Za kasamalidwe ka kasitomala ndinkaziona ngati nkhani yomwetulira ndi kunena zikomo. Mayeso ake enieni anabwera patapita miyezi, mayi wina wa golosale pa boma atandibwezera mabotolo khumi kuti chiponde chikuwawa. Ndikanakhala wakale uja, msika wonse ukanatimva tikukangana. Ndinakumbukira zimene ankatiuza, kuti wodandaula umusiye amalize kaye. Ndinalawa pamaso pawo. Chinkawawadi. Ndinapepesa, n'kuwalonjeza ena aulere Lachisanu.

Nditafufuza ndinapeza kuti vuto linali mtedza woswa kale umene ndinagula motchipa. Anthu ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, ndiye ukasungidwa ndi chinyezi umachita chuku. Chukucho si kuwawa kokha, chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Ndikaganiza kuti ogula anga ambiri amathira m'phala la ana, thupi limachita tsembwe. Kuyambira pamenepo timagula mtedza wamakoko kwa alimi odziwika, kuuyanika, kuswa tokha, n'kusankha umodziumodzi. Ntchito ndi yotopetsa ndipo inakweza mtengo. Mayi a golosale aja amagulabe, ndipo ndi amene anandikankha kuti ndiyambe kutsata za chiphaso cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, chifukwa popanda icho masitolo akuluakulu salandira katundu.

Chimene sukulu sinandiphunzitse ndi kukaniza apongozi. Mlendo ukhoza kumuuza kuti ngongole mawa, koma azakhali akati "tandipatsako kamodzi, ndidzakupatsa pakutha pa mwezi," pakamwa pamauma. Njira ndinaipeza ndekha. Ndimadzilipira kamalipiro mwezi uliwonse, ndiye wachibale akatenga botolo, ndimatulutsa ndalama yanga n'kuika m'bokosi la bizinesi iye akuona. Ena amachita manyazi n'kulipira. Ena sachita manyazi n'komwe, koma bola kope silinama.

Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mabotolo, mapepala omata ndi shuga zinakwera nthawi imodzi. Usiku womwewo ine ndi mng'ono wanga tinakhala pa mphasa ndi tochi ya foni, kuwerengeranso mzere ndi mzere. Mtengo watsopano tinauza makasitomala pa WhatsApp kusanakwane tsiku lobweretsa katundu, kuti asadzidzimuke. Awiri anasiya. Pofuna kuchepetsa ndalama tinayesa chiponde chopanda shuga, n'kupeza kuti odwala matenda a shuga ankachifuna kalekale, kungoti palibe amene anawafunsa.

Tsopano tili anthu anayi, mtondo tinaupumitsa, tikugwiritsa ntchito kamakina kopukusa ndi manja. Ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, zimene zachepetsanso nkhani ya "ndibweretsa mawa." Tikusunga ku banki m'khonde kuti tigule makina amagetsi, ngakhale magetsi ake ndi awa timawadziwawa. Mng'ono wanga akufuna kukachita nawo maphunziro omwewo chaka chamawa, ndipo mbuzi yake taionetsetsa kale.