Kuyeza bata la mpweya pamwamba pa phiri: pamene ndafika

Chivundikiro cha mabowo awiri chimene ndimapanga kuti ndiziyezera bata la mpweya chatha, ndipo chikukwana bwinobwino kukamwa kwa telesikopu yanga yaing'ono. Pa bowo limodzi ndamatapo kagalasi kopatutsa kuwala pang'ono, moti nyenyezi imodzi ikutuluka ngati timadontho tiwiri pa kamera. Chida choterechi akatswiri amachitcha DIMM. Changa n'chongoyerekeza, koma chimagwira ntchito mofanana ndi chawo.

Mphepo ikagwedeza telesikopu, timadontho tonse tiwiri timasunthira limodzi, ndipo zimenezo kompyuta siziwerengera. Chimene ndimayang'ana ndi mpata wa pakati pa timadonthoto. Ukamakula n'kumachepa, ndiye kuti kumwambako mpweya wofunda ukuwindukana ndi wozizira, zomwe zimachititsanso kuti nyenyezi ziziphethira. Kusokonezekaku amakuyeza ndi arcsecond, gawo limodzi mwa magawo 3,600 a digiri. Pa mapiri abwino kwenikweni, usiku wambiri nambalayi imakhala pansi pa 1.

Dzuwa likangolowa, thanthwe limakhala lisanazizire, ndiye timadontho tija timadumpha ngati chimanga chokazinga. Pakati pa usiku m'pamene timayamba kudekha. Malo oimika chida nawonso ali ndi kanthu. Kuseri kwa chitunda, komwe munthu umathawirako mphepo, nambala zikuipa; kumbali imene mphepo ikuchokera, kozizira kosafuna kukhalako, zikutsika. Mpweya ukadutsa pamwamba pa chitunda umagudubuzika. N'chifukwa chake akatswiri amakweza zida zawo pa nsanja yotalika mamita angapo, kuthawa chipwirikiti cha pansi.

Posankha malo omangapo telesikopu yaikulu, kutalika kwa phiri pakokha sikugamula nkhani. Cerro Armazones ku Chile ndi mamita 3,046, pamene Mauna Kea ku Hawaii amapitirira 4,200. Komabe mu 2010 bungwe la maiko a ku Ulaya lofufuza zakuthambo la ESO linasankha Armazones kuti limangepo ELT, telesikopu ya galasi la mamita 39, n'kusiya chilumba cha La Palma cha dziko la Spain. Ku chipululu cha Atacama mitambo ndi yosowa, mpweya ndi wouma (chinyezi chimameza kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso), komanso phiri la Paranal, komwe ESO ili kale ndi ma telesikopu, lili pafupi, makilomita 20 okha.

A TMT, ofuna kumanga telesikopu ina ya galasi la mamita 30, anayeza mapiri asanu kwa zaka zingapo asanasankhe Mauna Kea mu 2009. Nambala zinali zabwino, koma ntchito yomanga inaima chifukwa eni nthaka ambiri a ku Hawaii amalilemekeza phirilo ngati malo opatulika, ndipo mu 2019 anatseka msewu wopitako. Zimenezo DIMM siyeza.

Nambala zanga zikadali zochepa moti sindingagamule nazo kanthu. Nyengo zonse za pachaka ziyenera kulowamo kaye. Chotsatira ndi kachipangizo koyeza chinyezi, kenako kamera yoona thambo lonse yoti izindiwerengera mitambo ine ndili mtulo.