Loweruka la tizidole tonjenjemera

Loweruka, South Bend, ku America

Chipale chinayamba kugwa usiku, ndipo kutacha msewu wathu wonse unali woyera mbee. Lero sindinali pa ntchito, choncho nditamwa tiyi ndinatenga fosholo kukakokolola pakhomo, kenako ndinapitirira mpaka pakhomo pa achikulire oyandikana nafe, poti msana wawo masiku ano sukuwalola. Mnyamata wanga ankanditsatira ndi kafosholo kake. Titamaliza, achikulire aja anatsegula chitseko n'kutikodola kuti tikaothe pang'ono. Pang'ono pakepo tinakatulukamo kunja kuli mdima.

Anatitsikira nafe kuchipinda chapansi pa nyumba. Pa tebulo panali bwalo la mpira wa ku America, lachitsulo, lobiriwira, lokhala ndi mizere yoyera ya mayadi, kutalika kwake pafupifupi mita imodzi. Pamwamba pake panaima tizidole 22, khumi ndi kamodzi mbali ino, khumi ndi kamodzi mbali inayo, kalikonse kofupikirapo kuposa chala changa chaching'ono. Tina tinavala za timu ya Chicago Bears, tina za timu ya Green Bay Packers. Manambala a pamsana anachita kumata okha achikulirewo, ndipo mizere ya pa masokosi anapenta okhanso ndi kaburashi.

Anadina switchi. Bwalo lija linayamba kulira ngati makina ometera tsitsi, chitsulo chonse chikunjenjemera, ndipo tizidole tinanyamuka. Mwana wanga anandigwira mkono: "Adadi, akuyenda okha!" Ine zinandikumbutsa amayi anga akamapeta mpunga, mmene amagwedezera lichero pang'onopang'ono timiyala n'kumayenda tokha kupita mbali imodzi. Pansi pa bwalolo pali kamota komwe ntchito yake ndi kugwedeza basi. Mkati mwa tizidole mulibe waya, mulibe batire.

Uku akupukuta fumbi, achikulire anatifotokozera kumene masewerawa, otchedwa Electric Football, anachokera. Anawayambitsa ndi Norman Sas wa kampani ya Tudor ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, ndipo analowa m'masitolo mu 1949. Kampaniyo inali kale ndi masewera a mpikisano wa akavalo oyenda ndi kunjenjemera komweku, iye n'kuganiza zoikapo osewera mpira. Mu 1967 NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, inawalola kugwiritsa ntchito mayina ndi mitundu ya matimu ake, ndipo apo m'pomwe ana a ku America anachita nawo misala. Achikulirewa bwalo lawo loyamba analilandira pa Khirisimasi ali mwana. Akuti patangotha sabata ziwiri analikankhira pansi pa bedi chifukwa cha kukhumudwa: wosewera wawo wonyamula mpira ankangozungulira pamalo amodzi, ena n'kumakaunjikana pakona. Anadzalitulutsanso ali bambo wa ana atatu, atamva kuti vuto silinali bwalo.

Malamulo ake ambiri ndi a mpira weniweni wa kuno. Muli ndi mwayi kanayi kuti mupite patsogolo mayadi 10, mukafika kumapeto kwa bwalo mwapeza mapointi 6. Koma palinso ake a pa tebulo. Oukira amayamba kundandalika anthu awo, otchinga n'kuyankha. Mukatha, manja onse kumbuyo, switchi iyake. Kachidole ka mdani kakangokhudza konyamula mpira, switchi izime, mpira wathera pomwepo. Konyamula mpira kakatembenuka n'kumathamangira kugolo kwake komwe, amazimitsanso. Achikulire anati m'maligi ena kukhudza kulikonse n'kokwanira, pomwe ena amafuna kuti wotchinga akhudze ndi kutsogolo kwake, ndipo anthu akuluakulu amakangana nkhaniyi mpaka mitsempha kutuluka m'khosi.

Chomwe chandigwira mtima lero chili kunsi kwa tizidoleti. Kalikonse kamaima pa kampando kapulasitiki, eniake amati base. Achikulire anatembenuza kamodzi n'kundipatsa galasi lokulitsira zinthu. Kunsi kuli timiyendo topyapyala, topendekera kumbuyo. Bwalo likamanjenjemera, timiyendoto timapindika n'kuwongoka kambirimbiri, ndipo kupendekerako n'kumene kumakankhira chidole patsogolo. Kamwendo ka kumanzere kakatalika pang'ono chabe kuposa ka kumanja, munthu wanu akhota. Mtundu wina wa timipando, wotchedwa Total Team Control, uli ndi kagudumu kutsogolo komwe mumapotokola kuti wosewera azikhotera kumene mukufuna.

Ndiye pali luso lokonza timiyendoti. Anatulutsa kabokosi: pulayala yosalala mkamwa, kalumo, sandipepa wofewa, ndi sikelo yaing'ono ngati ya osula ndolo. Wosewera wofunika liwiro amam'finya timiyendo kuti tipyapyale. Wa kutsogolo, wofunika mphamvu zokankha, amam'konza kuti agwire chitsulo kwambiri. Ena amawiritsa timipando m'madzi otentha kuti pulasitiki isinthe, koma anati maligi ambiri zimenezo amakana. Kulemera nakonso kuli ndi malire. Kumene iwo amasewera, chidole pamodzi ndi kampando kake chisapitirire magalamu 4, ndipo masewero asanayambe aliyense amakwera pa sikelo. Kuti afike pa malirewo amamata kaphula kunsi kwa kampando. Pali ngakhale bungwe la anthu a masewerawa, Miniature Football Coaches Association, ndipo amadzitcha makochi. Nditaona ntchito yake dzinalo ndinalivomereza, chifukwa switchi ikayaka simukhudzanso kanthu. Zonse munazichita dzulo ndi dzana, muli nokha pansi pa nyale.

Anandipatsa kampando katsopano kuti ndiyese. Ndinafinya kamodzi, tinaika pa bwalo, kanakhotera kumanja. Ndinafinya mbali inayo, kanawongoka pang'ono. Kachitatu ndinapanikiza kwambiri ndipo kamwendo kanaduka. Zinandipweteka, poti kanali ka eni. Achikulire anangotsegula dirowa n'kundionetsa chitini chodzaza timipando toduka, ta zaka zambirimbiri, n'kuponyamo kangako. Pa kampando kachiwiri ndinadekha. Ndinafinya pang'ono, kuyesa, kufinya pang'ono, kuyesanso, mwina kwa mphindi 40. Pomaliza kanayenda kuchokera kumapeto ano mpaka kumapeto enawo osapatuka. Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Chimwemwe chake ndinachizindikira, n'chomwe chija ndinkamva ndili mwana galimoto yanga ya mawaya ikayamba kuwongoleka bwino nditalimbana nayo tsiku lonse.

Masana tinasewera. Ine ndi mwana wanga tinatenga Bears, achikulire anatenga Packers. Kuponya mpira ndiye kovuta. Pali chidole chapadera, Triple Threat Quarterback, chokhala ndi mkono wofewa ngati legeni ndi mwendo womenyera. Mumazimitsa bwalo, kuika kampira kasiponji pa dzanja lake, kukoka ndi chala, kulunjika, n'kusiya. Kampira kakagunda munthu wanu, wawakha. Kakayamba kugunda mdani, mpira wapita. Ine ndinaphonya kasanu motsatizana, kamodzi tinakafufuza kampira kuseri kwa makina ochapira. Mwana wanga anagwada kuti diso lake lilingane ndi tebulo, anatseka diso limodzi, n'kugunda wosewera yemwe anali mayadi 20 kutsogolo. Titayatsanso switchi, wosewerayo, yemwe anali pa kampando kanga kaja, anathamanga molunjika mpaka kumapeto. "Agogo, mwaona? Mwaona?" Achikulire anaombera m'manja mpaka magalasi kutsetsereka pamphuno. Anatichinya kwambiri, koma kugoletsa kwathu kumodziko takambirana njira yonse yobwerera, ngakhale njirayo ndi masitepe makumi awiri okha.

Mwanayu masiku ambiri amakhala pa foni, ndipo ndakhala ndikudandaula kuti manja ake sadziwa kukonza chinthu. Lero ndamuona akutembenuza kachidole, akusuzumira kunsi, akufunsa chifukwa chake kakukhota.

Kunyumba tinapeza mayi ake ataphika kale. "Bambo ake, fosholo yokhayo mpaka usiku?" Mwana sanadikire kuti ndiyankhe, anakhuthula m'thumba pa tebulo: timipando sikisi tatsopano ndi tizidole tiwiri tosapenta tomwe achikulire anam'patsa. Akufuna kamodzi akapente kofiira, kakuda ndi kobiriwira. Wagona atatiika pawindo. Mawa tikaweruka kutchalitchi tidzera kusitolo ya zipangizo, ndikafune pulayala yaing'ono yopanda mano, chifukwa yanga ya m'galimoto ingaphwanye timiyendo tonse.