Tikiti imodzi yozungulira dziko lonse

Ndatha masabata atatu ndikulimbana ndi mapu pa laputopu. Tikiti ya Star Alliance, mgwirizano wa makampani a ndege, mtengo wake umatengera mamailosi: 29,000, 34,000 kapena 39,000. Ya oneworld Explorer, ya mgwirizano wina wa makampani a ndege, amawerenga makontinenti, ndipo ndi imene yandigwira mtima, poti ine ndimakonda kukhotakhota.

Malamulo ake ngokhwima ndithu. Ukalowera kum'mawa, uzingopita kum'mawa, ngakhale mkati mwa kontinenti imodzi utha kubwerera m'mbuyo. Nyanja za Atlantic ndi Pacific uwoloke kamodzi kamodzi, maulendo asapitirire 16, ubwerere chaka chisanathe.

Chandipweteka n'chakuti mtunda wa Bangkok mpaka Singapore, womwe ndikufuna kuyenda pasitima, amauwerengabe ngati ulendo umodzi. N'chifukwa chake mzinda wa Lima, ku Peru, ndaufufuta pa ulendowu, mtima ukuwawa. Dzulo usiku ndangosintha dziko loyambira, mtengo n'kutsika. Mayi sindinawauzebe.