Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mudzi umene anthu ake anathera ku America

Amene mwakhala mukutsatira nkhaniyi mukudziwa kuti ntchito yanga yoyamba ku Spain inali yosamalira gogo wina wamkazi m'mudzi wa kumapiri, m'dera la Ourense ku Galicia. Nyumba zamiyala zinalipo zambiri, koma zofuka utsi zinali zowerengeka. Zina zonse zitseko zokhoma, minga itayanga mpaka m'mawindo. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi ndinafunsa kuti, "Agogo, kodi eni nyumbazi ali kuti?"

"Ku America, mwana wanga. Ena ali m'manda a komweko."

America amene ankanena si wa ku New York ayi. Ankanena Buenos Aires, Montevideo, Caracas.

Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1939, ku Spain kunagwa njala, moti chakudya ankagula ndi makadi a boma mpaka 1952. Ku Galicia vuto linanyanya chifukwa minda inali itagawidwagawidwa, banja n'kutsala ndi timinda tosakwanira mbatatesi, chimanga ndi msipu wa ng'ombe. Boma la Franco, yemwe ankalamulira Spain nthawiyo, litamasula zipata zopitira kunja mu 1946, anthu anakhamukira kumadoko a Vigo ndi A Coruña. Ambiri anayamba kulowera ku Argentina ya Pulezidenti Perón, yomwe mu 1948 inasainirana ndi Spain pangano lolandira anthu. M'zaka za m'ma 1950 ndalama za mafuta zinawakokera ku Venezuela.

Amuna awo a agogo anapita ku Caracas komweko. Sumangonyamuka ayi. Pankafunika kalata yokuitana yochokera kwa mbale amene ali kale uko, ndipo yawo inachokera kwa msuweni. Ndalama ya sitima anachita kugulitsa ng'ombe, yotsalayo n'kukongola. Atafika anayamba ndi kusenza simenti pa zomangamanga, kenako anakhala woperekera zakumwa m'bala. Akadwala ankapita ku Hermandad Gallega, bungwe limene anthu a ku Galicia anakhazikitsa mu 1960 kuti azithandizana kuchilendoko.

Makalata awo agogo ankasunga m'chitini cha mabisiketi. Maso anali atafooka, ndiye ndinkawawerengera ine ndi Chisipanishi changa chothyokathyoka, iwo akundikonza. M'kalata iliyonse munali malangizo: lipira ngongole, usagulitse munda wa kumtsinje, ndibwera chaka chamawa. Chaka chamawacho chinafika ana atakula kale.

Alendo akabwera m'midzi imeneyi amawaonetsa nyumba zikuluzikulu zomangidwa ndi amene analemera kunja. Ine sindinkatengeka nazo. Ndinkasambitsa manja a mayi amene analima yekha, kuweta yekha, kulera ana ndi kudwazika apongozi mpaka kuwaika m'manda, ndipo dzina lake silili pa chipupa chilichonse. Zinkandikumbutsa agogo anga ondiberekera mayi ku Ntcheu, amene anadikira mwamuna wopita ku Joni pa Wenela mpaka anthu anayamba kumutchula kuti mtchona.

Pofika m'ma 1960 njira inasintha. Achinyamata analeka za nyanja, n'kumakwera sitima yapamtunda kupita ku Switzerland, Germany ndi France. Mwana woyamba wa agogo amene ndinkawasamalira aja analowera ku Geneva, ndipo ndi iyeyo amene ankatumiza malipiro anga mwezi uliwonse. Za mmene tinakanganirana atabwera kutchuthi cha Ogasiti ndikuuzani m'gawo lotsatira.