Sabata ya madola a mitu iwiri

Lolemba tinalandira ndalama zasiliva 14 zoti tiziyese zisanapite ku okushoni. Zonse ndi ma 8 reales a Spain, omwe ku England ankawatchula madola, ndipo pakhosi pa Mfumu Charles IV ya Spain pali kachidindo kozungulira ngati dzira, kokhala ndi mutu wa George III, mfumu ya Britain. Mu February 1797, nkhondo ndi France ili mkati, Bank of England inasiya kulipira anthu golide, pomwe siliva anali kale wosowa. Mwezi wotsatira inatulutsa madola odindawa, oposa 2 miliyoni, iliyonse masheleni 4 ndi mapeni 9. Siliva wa m'dola imodzi sankafika mtengo umenewo, ndiye akathyali ankagula madola osadinda n'kumadinda okha. Chaka chisanathe banki inawabweza.

Tinayamba ndi sikelo. Dola yeniyeni imalemera magalamu pafupifupi 27, yoperepeseka imatsikako pang'ono. Koma sikelo yokha imanamiza, n'chifukwa chake Lachiwiri lonse linathera m'madzi. Timaika kapu ya madzi pasikelo, kubwezera pa ziro, kenaka kulendewetsa ndalama ndi ulusi osakhudza pansi. Kulemera kwake timakugawa ndi nambala imene yaonekayo: 27 kugawa ndi 2.6 kumapereka pafupifupi 10.4 pa dola yeniyeni. Mkuwa wokutidwa siliva umathera cha pa 9. Kathovu ka mpweya kakamatirira pandalama, yankho limatsika ndipo mutha kukana ndalama yabwinobwino. Ziwiri zinagwa pamenepa, ndipo ina mwa izo mkuwa wake unkachita kuonekera patsaya pa mfumu.

Mutu unatiwawa Lachitatu ndi Lachinayi, chifukwa dola yeniyeni itha kukhala ndi chidindo chabodza, china chodindidwa posachedwapa kuti mtengo ukwere. Timaitembenuza kaye. Chidindo chimamenyedwa mwamphamvu, choncho kumbuyo kwake pamakhala pophwatalala. Kenaka timayang'ana ndi mandala okuza kakhumi: ngati dola yatha ndi manja a anthu koma m'mphepete mwa chidindo ndi mwakuthwa, pamenepo timakayika. Chaka nachonso chimaulula. Imodzi inali ya ku Mexico City, mzinda womwe unali pansi pa Spain, ya 1806, komatu kachidindo kameneka kanalowedwa m'malo ndi ka makona 8 mu 1804, chaka chomwe Matthew Boulton anayamba kudinda dola yonse mwatsopano ku Soho Mint, fakitale yake yosula ndalama.

Ina mwini wake anaipukuta ndi polishi mpaka kuwala ngati supuni. Ndi yeniyeni, koma dothi lakale la m'chidindo, lomwe likanatithandiza, linapita, mtengo nawo wagwa.

Lachisanu tinalemba lipoti. Zovomerezeka ndi 10, zabodza zitatu, ndipo imodzi ya ku Lima, ku Peru, taisunga kuti tikafananize chidindo chake ndi za ku British Museum.